Sindipepesa Chifukwa cha Tinalimata

Achimwene,

Ndiyambe ndi msana wanu, chifukwa ndikayamba ndi nkhani inayo mupinda kalatayi musanafike pakati. Kodi ukupwetekabe mukawerama powotcherera? Munandiuza kuti munagula lamba womanga m'chiuno, koma ine ndimakudziwani: lambayo ali pa msomali, inu muli pansi pa ngolo ya munthu. Nanga maso a amayi? Mankhwala odontheza aja akuthira kawiri pa tsiku monga ananenera adokotala, kapena akuthira tsiku limene akumbukira? Akazi anu ndi ana ali bwanji? Nanga mwana wanga Mafunso, akudya, akugona, akupita kusukulu?

Ine kuno ndili moyo ndithu. Chifuwa chija chinatha. Ndada ndi dzuwa moti mutakumana nane pamsewu mukhoza kundipitirira, ndipo miyendo yalimba ndi zitunda.

Uthenga wanu ndinaumva, ndinaubwerezanso katatu. Ndasankha kuyankha papepala chifukwa pafoni simundilola kumaliza chiganizo. Munanena zinthu zitatu: kuti ndawachititsa manyazi alamu, amuna a msuweni wathu, amene anandithandiza kubwera kuno, kuti ndataya ntchito yabwino chifukwa cha abuluzi, ndi kuti ndikagwade kwa mabwana ndipepese, apo ayi ndimange katundu ndibwerere kwathu. Yankho langa ndi lalifupi. Sindipepesa, ndipo sindibwerera tsopano. Koma inu ndinu akulu anga, sindingakuponyereni mawu awiri n'kutembenuka. Munamva mbali ya alamu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Imvani tsopano kwa mwini nkhani.

Ndikudziwa kuti kwathuko mumangouza anthu kuti ndimagwira padoko, iwo n'kumaganiza kuti ndimakhala mu ofesi ya mphepo yozizira. Ayi. Ndinkagwira m'shedi yaikulu ya malata, nditavala ovolosi ndi magolovesi, tochi m'manja. Kuchokera padoko limenelo, bwato la injini limayenda maola awiri kukafika pa kachilumba kakang'ono, kano kamene ndikulemberapo kalatayi. Munthu akhoza kukazungulira wapansi kuyambira m'mawa n'kumaliza dzuwa lisanapendeke. Pakati pake pali nkhalango yakale. Lamulo ndi lakuti chilichonse chobwera kuno, kaya thumba la simenti, kaya matiresi, kaya chikwama cha mlendo, chiyambe chadutsa m'shedi muja. Ife tinkasanthula, kufunafuna makoswe, nyerere, njoka, dothi ndi njere za udzu. Tikakhutira tinkadinda fomu. Popanda chidindo, chombo sichinyamuka.

Miyezi yoyamba nanenso ndinkaseka. Ndinkati anthu awa zinthu zawachulukira, mpaka kulemba ntchito munthu wamkulu kuti azisuzumira m'mapaipi. Kenako anatitenga ife atsopano kuti tidzaone chimene tikulondera. Anatilandira mayi wina wachikulire, woyang'anira nkhalangoyi, amene aliyense amawatcha a Chipewa chifukwa palibe anaonapo mutu wawo uli pambalambanda. Anatiyendetsa mpaka pa mtengo wonga kanjedza, anaima, natiuza kuti tiyang'ane. Ine sindinaone kanthu. Anati ndisiye kuyang'ana ngati munthu wofuna nkhuni. Ndinayang'ananso. Ndiye kachidutswa ka tsamba kanatembenuza mutu.

Achimwene, si buluzi. Ndi nalimata, koma osati otuwa a pakhoma aja timawathamangitsa ndi tsache. Aka ndi kakang'ono, kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira sikapitirira chala changa chamkombaphala. Ndi kobiriwira ngati tsamba lanthete, kumsana kuli timadontho tofiira ngati wina anakadonthezera utoto mwangozi. Kamayenda masana. M'mawa kukazizira kamakhala koderako, kamaothera dzuwa mpaka mtundu utabwerera. Kalibe zikope. Fumbi likagwa m'diso kamatulutsa lilime n'kulinyambita. Tsiku limenelo kanandiyang'ana, kananyambita diso lakumanzere, kenako lakumanja, ngati kakufuna kumuona bwino mlendo wake. Ndinaseka mokweza mpaka a Chipewa anandiponyera diso lakuthwa.

Anatiuza kuti tinalimata timeneti sitipezeka kwina kulikonse pansi pa thambo, koma m'nkhalango ino basi. Tikatha pano, tatha. Palibe kwina kokatenga mbewu. Timakhala m'makhwapa a masamba a mitengo yonga kanjedza ija, mmene mumatsalira timadzi ta mvula. Timadya tizilombo touluka, timanyambitanso timadzi totsekemera ta m'maluwa, ndipo potuluka m'duwa timakhala titadzola mungu kumphuno, n'kukaupaka pa duwa la mtengo wina. Mtengo umasunga nalimata, nalimata amathandiza mtengo kubereka.

Makoswe sanafikepo pano. Nyerere zachikasu za miyendo italiitali, zimene zadzaza m'tauni ya kudoko, sizinafikenso. A Chipewa anaonapo ndi maso awo chilumba china kumene nyererezo zinalowa ndi thumba limodzi la dothi. Akuti patapita zaka zochepa nkhalango inangoti zii, ngati pakhomo pa maliro anthu atabalalika. Nyererezo zimathira madzi owotcha m'maso mwa tinyama ting'onoting'ono, ndipo tiana tongoswa kumene timadyedwa tisanaume n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinasekenso posuzumira m'mapaipi.

Tsopano za tsiku lija. Kampani ina ikumanga nyumba zogona alendo m'mbali mwa gombe la kachilumba kano, ndipo alamu amagwira ku kampani imeneyo ngati osunga katundu padoko. Tsiku lotsegulira linali litayandikira, akuluakulu ataitanidwa kale. Lachiwiri m'mawa anabweretsa katundu womaliza: matabwa, mipando, makatani, ndi mbande za maluwa mazana awiri m'machubu akuda, zokabzala pakhomo kuti alendo azijambulirapo zithunzi. Ndinaika tizidutswa ta makatoni pakati pa machubuwo, pena kanyenyeswa ka nsomba, pena dontho la madzi a shuga, monga tinkachitira masiku onse, ndi kudikira. Sindinadikire nthawi yaitali. Makatoniwo anasanduka achikasu. Ndinang'amba chubu chimodzi, dothi linagwa, ndipo pakati pa mizu panali mazira oyera ndi manthu wa nyerere, wonenepa, akufuna pobisala.

Ndinaitana kapitawo wa kampaniyo ndi kumuonetsa. Anayang'ana wotchi, osati dothi. Anati nyerere zili paliponse padziko, ngakhale m'khitchini mwa amayi ake, ndipo palibe anafa nazo. Ndinamuyankha kuti ndi zoona, koma pali malo amodzi pamene palibe, ndipo ntchito yanga ndi yomweyo. Ndinati katundu yense afukizidwe mankhwala masiku atatu, mbandezo zisapite n'komwe. Anaimba foni.

Posakhalitsa anatsika abwana athu a m'shedi, amene timawatcha a Sainani chifukwa ndi mawu okhawo amene amatuluka bwino m'kamwa mwawo. Anandikokera pambali, nalankhula motsitsa ngati abusa pa ulendo woona odwala. Anati tichotse chubu chimodzicho, zotsalazo akazipopera akafika kutsidya, ine ndidinde, nkhani ithe, aliyense akadye nkhomaliro. Ndinawafunsa ngati angalembe zimenezo pa fomu ndi kuikapo dzina lawo. Tsiku limenelo a Sainani sanafune kusaina.

Kenako kapitawo anatumiza alamu. Ndinene chilungamo, achimwene: munthu ameneyu anandilandira nditatsika ndi kachikwama kamodzi, ndinagona pabalaza pawo miyezi iwiri, ndipo ndi iwo anandisonyeza khomo la shedi ija. Sindinaiwale ndipo sindidzaiwala. Anabwera thukuta lili kamukamu, nandilankhula m'chinenero chathu kuti enawo asamve. Anati mlamu, kwa eni kulibe mkuwe, ife tinabwera kudzafuna, osati kudzaphunzitsa eni dziko malamulo awo. Anati ndiganizire mwana wanga, ndiganizire amayi, ndiganizirenso iwo amene anandiimira.

Sindibisa, mawu amenewo anandilowa. Ndinatulutsa chidindo, ndinachiyang'ana. Ndiye ndinaona nyerere imodzi ikukwera nsapato ya alamu, kulowa m'sokosi, iwo osadziwa. Ndinabweza chidindo m'thumba la ovolosi n'kutseka zipi. Ndinawauza kuti eni dziko omwewo ndi amene anandipatsa chidindochi, ndipo sanandiuze kuti ndizidinda ndikachita mantha.

A Sainani analamula kuti katundu akwezedwe, mapepala atsatira pambuyo. Woyendetsa kagalimoto konyamula katundu ndi mano awiri kutsogolo analiza injini. Apa ndi pamene ndinachita chimene alamu anakuuzani kuti ndi misala. Ndinapita pa mlatho wachitsulo wokwerera m'chombo, ndinakhala pansi pakati penipeni, miyendo tambalale. Mudziwe kuti nyanja ya kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo chombo cholemera chija chimatuluka padoko pokhapokha madzi ali odzaza. Ndinayang'ana mizere ya madzi pa chipilala, ndinaona kuti ndikufunika maola awiri okha.

Anali maola aatali kuposa tsiku limene ndinabereka Mafunso. Chitsulo chinali chotentha ngati mwangochichotsa pamoto wanu. Kapitawo anatukwana m'zinenero zitatu. A Sainani anandiopseza ndi apolisi, kenako ndi kalata, kenako anayamba kundinyengerera. Woyendetsa kagalimoto uja anabweretsa mano ake pafupi ndi mawondo anga, anandiyang'ana, anazimitsa injini, nati iye analembedwa ntchito yonyamula matabwa, osati azimayi. Mayi wogulitsa tiyi pageti anasiya ketulo yake, anabwera ndi ambulera, anaima pambali panga kunditchingira dzuwa. Mkono ukatopa ankasinthira wina. Ine maso anali pa chipilala. Madzi anatsika chala, kenako dzanja, kenako mkono. Woyendetsa chombo anatuluka, analavulira m'madzi, nati lero zatha, nyanja yatseka chitseko. Ndinadzuka miyendo itachita dzanzi, ndinalemba lipoti, ndinakalipereka ndekha ku likulu la ntchito yathu pamodzi ndi chidindo, tsiku lomwelo dzuwa likadalipo.

Mawa lake ndinaimitsidwa ntchito, ndipo anandipatsa masiku awiri kuti ndituluke m'nyumba ya antchito. Mayi wa tiyi uja ndi amene ananditenga. Kwawo ndi chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya zingwe ndi maukonde, mpopi wake umadontha, ndipo kudenga nkhunda zimachita msonkhano wosatha. Masabata atatu ndinagona pakati pa mapoto ndi zitini za mkaka, kudzuka m'mamawa kuwathandiza kudula buledi. Anzanga a m'shedi akabwera kudzamwa tiyi ankayang'ana m'kapu. Mmodzi yekha anandinong'oneza kuti onse anaziona nyererezo, koma ali ndi ana. Ndinamuuza kuti nanenso ndili naye. Alamu ndinakumana nawo kawiri pamsewu wa kumsika. Kawiri konseko anapeza chinthu chofunika kwambiri m'foni mwawo.

Tsiku la mlandu wanga ku komiti ya kuntchito linafika. Anali anthu atatu kuseri kwa tebulo, aliyense ndi botolo lake la madzi, ine pa mpando wopanda chotsamira. Ndinavala diresi yanga yabuluu ija. Ndinanyamula kabotolo ka spiriti mmene ndinaikamo manthu uja, ndinakaimika patebulo. Pamenepo n'kuti a ku likulu atatsegula kale machubu onse chifukwa cha lipoti langa. Anapeza amanthu khumi ndi mmodzi. Mbande zonse zinatenthedwa, matabwa anafukizidwa, ndipo kutsegulira nyumba za alendo kunachedwa ndi sabata. Wapampando, mayi wa magalasi, anawerenga zonsezi ndi pakamwa pake. Ine mumtima ndinati basi, yatha.

Koma anati nkhani si ya nyerere. Anati pa nyerere ndinalondola, koma ndinanyoza wondiyang'anira pamaso pa anthu, ndinatsekereza njira ya doko ndi thupi langa, ndiponso ndinakaniza chidindo cha ntchito. Anati ndikhoza kubwerera Lolemba, ndikangolemba kalata yopepesa kwa a Sainani ndi kwa kampani, ndi kulonjeza kuti sindidzachitanso. Anandikankhira pepala ndi cholembera pomwepo. Ndinafunsa kuti ndikanapanda kukhala pa mlatho paja, nyererezo zikanakhala kuti lero? Mmodzi anati limenelo si funso la komiti ino. Ndinafunsa ngati a Sainani nawonso alemba kalata yawo. Anati zimenezo sizikundikhudza. Ndiye ndinawauza kuti kulonjeza kuti sindidzachitanso kukhala kunama, chifukwa ndidzachitanso, ndipo ulendo wina ndidzanyamula chokhalira, chitsulo chija chimawotcha. Ndinabweza pepala lili loyera, ndi kutuluka. Pa masitepe ndinalira. Musaganize kuti ndine mwala.

Za m'tauni muja ndimamvera kwa woyendetsa bwato la Lachisanu. Akuti mphepo inasasula denga la msika wa nsomba, ndipo msewu wa kudoko aukumbanso pomwe anakumba chaka chatha. A Sainani akadali pa mpando wawo, koma akuti masiku ano akangomva kuti a ku likulu akubwera amagwada okha kuika nsomba pa makatoni. Woyendetsa kagalimoto uja anamusamutsira kumbuyo, kumulu wa zinyalala. Ananditumizira moni, akuti kumeneko kuli bwino, zinyalala sizitukwana.

Ndi woyendetsa bwato yemweyo amene anandibweretsera uthenga wa a Chipewa patapita masiku anayi chichitikireni mlandu. Anati mawondo awo sakufunanso zitunda, ndipo akufuna munthu wodziwa kukhala malo amodzi maola awiri osasuntha. Ndi mmene ndapezekera kuno. Nditafika sanandithokoze, sanandipepese. Anandipatsa nsapato za mvula, buku ndi pensulo, nandionetsa shelefu ya mabuku ena makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, chaka chilichonse buku lake. Ananditsegulira la chaka cha chilala, mmene masamba ambiri ali opanda kanthu, ndi la chaka chotsatira, mmene tiana tinayambanso kuoneka. Anati chilala tinalimata timachidziwa, mkuntho timaudziwa, chimene sitidziwa ndi chobwera pa chombo.

Ndisakunamizeni, si ntchito yokhazikika. Ndi ya miyezi isanu ndi umodzi, kenako adzaona. Ndimagona m'kanyumba ka matabwa m'mphepete mwa nkhalango. Madzi ndi a m'thanki ya mvula, magetsi ndi a dzuwa, ndipo kukachita mitambo masiku awiri timaiwalako. Foni imagwira pa thanthwe limodzi lokha, ndipo uyenera kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Udzudzu wandizolowera. Masiku ena ndikaganiza za mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndimasiya chakudya m'mbale. Koma za sukulu ya Mafunso musade nkhawa, sindidzakusiyirani nokha.

Ntchito yake ndi iyi. Dzuwa likangofunda ndimayenda njira zinayi, kuima pa mtengo uliwonse wa nambala, kuwerenga tinalimata ndi kulemba: kamuna kapena kakazi, kakakulu kapena kamwana, mchira wobadwa nawo kapena womeranso. Pajatu mbalame ikakagwira kumchira, kamaudula kokha n'kuthawa, mbalame n'kutsala ndi mchira ukuphiriphitha. Wina umamera, koma wotuwirako, ngati chigamba cha nsalu ina pa malaya. Zala zake zimagwira paliponse. Ndinakaonapo kakuthamanga chadodolido kunsi kwa tsamba loterera, mvula ikugwa, ngati kali pamsewu.

Kamuna kalikonse kali ndi mtengo wake. Kena kakalowerera, mwini mtengo amatukumula thupi, kugwedeza mchira, kulira kuti tse tse tse ngati wotchi yapamkono, mpaka mlendo atachoka. Pali kena pa mtengo wa nambala makumi atatu ndi asanu, kopanda chala chimodzi, kamene sikathawa ngakhale ine. Ndimakatcha Achimwene. Musakwiye. Ndi kolimba mtima, kungoti sikamva za wina. Dzulo ndinakapeza kakufundula. Kanakoka chikopa chakale ndi kamwa ngati munthu akuvula sokosi, n'kuchidya chonse, osasiya kanthu pansi.

Lolemba lililonse ndimatsikira ku nyumba za alendo zija kukaona misampha ya makoswe ndi kuika makatoni a nsomba. Ndipo tamvani izi. Sabata ya dzana kapitawo uja anabwera ndi alendo ake awiri ofuna kuona nkhalango. Pachiyambi pa njira pali beseni la mankhwala ndi burashi, aliyense ayenera kutsuka kunsi kwa nsapato. Anafuna kulumpha. Ndinangoima pakati pa njira, buku m'manja. Anandiyang'ana, anandizindikira, anayang'ana alendo ake. Anawerama n'kutsuka, nsapato zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti yakumanzere yatsala pachidendene. Anabwereza.

Ino ndi nyengo ya mazira. Kakazi kamaikira awiri basi, oyera, aang'ono ngati mikanda, ndipo kamawamata m'khwapa la tsamba akadali ofewa. Akauma simungawachotse osawaswa. Tikazi tingapo timaikira malo amodzi, moti pena mumapeza mazira makumi awiri atandanda, atsopano pambali pa makoko a chaka chatha. Tikaikira timachoka. Palibe kufungatira, palibe kulondera. Dziralo limakhala pamenepo pafupifupi miyezi iwiri, lopanda mayi, lopanda mpanda. Chitetezo chake chokha n'chakuti pano palibe khoswe ndiponso palibe nyerere zija.

Sabata yatha ndinaona limodzi likuswa. Ndinakhala pa muzu kuyambira mng'alu utangoyamba. Kanatuluka konyowa, kotha kukhala pa chikhadabo changa malo n'kutsala, kanapuma pang'ono, kenako kanathamanga kukwera tsamba ngati kakudziwa kale kopita. Ndinaganiza za machubu mazana awiri aja, amene akanabzalidwa pamalo poti mutaponya mwala ugwera m'nkhalango. Achimwene, mundiuze ndikapepese chiyani. Mundilembere mawu ake, chifukwa ine ndawafunafuna sindinawapeze.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi. Ine si nalimata, wanga sindinamumate pa tsamba n'kuiwala. Lamlungu ndinakwera pa thanthwe lija kulankhula ndi Mafunso. Mwana amene amafunsa zinthu khumi usanamalize moni anali chete. Nditamuumiriza, anandifunsa ndi mawu aang'ono ngati n'zoona kuti ndinachotsedwa ntchito chifukwa ndinaba. Akuti anamva akazi anu akuuza anzawo pampopi kuti ndinatenga chidindo cha ntchito n'kuchibisa m'thumba, ndipo pofika kusukulu nkhaniyo inali itamera miyendo: amayi ake ndi akuba, anagwidwa padoko. Akuti masiku atatu sanatuluke panja nthawi yopuma. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri wasenza zimenezi yekha, m'nyumba mwanu, inu osaona. A Sainani sanandipweteke chotere. Komiti sinandipweteke chotere.

Sindikuti akazi anu ananama dala. Anabwereza zimene zinawafika. Koma zinalowera pakhomo panu, ndiye zikatulukirenso pomwepo. Ndikupempha kuti kalatayi ikafika muzimitse makina, musambe m'manja, muitane amayi, akazi anu ndi Mafunso, mukhale pansi, muwerenge mokweza kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Musadumphe pamene ndalira, musadumphenso pamene ndakunenani. Muwerenge inuyo, ndi mawu anu, chifukwa mwanayo amakhulupirira amalume ake kuposa pepala. Ndaikamo kapepala kena kamene ndajambulapo kanalimata ndi kamwana kake, kukula kwake kwenikweni. Ndi ka Mafunso. Akafuna kupita nako kusukulu, mulekeni apite nako.

Ndipo musananditchule wamakani, kumbukirani chaka chija mwini minibasi anabwera ndi chitsulo cha mawilo chong'aluka pakati, kuti mungochimata pamwamba ndi kupaka utoto, galimoto ibwerere pamsewu tsiku lomwelo. Munakana. Anakutukwanani pamaso pa anthu, anachotsa ntchito zake zonse, anauza ndi anzake omwe. Miyezi iwiri pamalo panu pogwirira ntchito panali zii. Ine ndinali mtsikana, ndinkakubweretserani chakudya, ndipo ndinakufunsani chifukwa chimene simunangomatira. Munandiyankha kuti okwera mmenemo simuwadziwa, koma dzanja lowotcherera ndi lanu. Simunapite kukapepesa. Khalidwe limeneli sindinalitole padoko, achimwene. Ndinalitenga kwa inu. Ngati ndi loipa, tikapepese tonse awiri, inu patsogolo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya ndipo ndimapemphera, ngakhale kuno oimba nawo nyimbo ndi mbalame. Moni kwa akazi anu, ndilibe nawo chifukwa. Moni kwa ana anu onse atatu, kwa azakhali, kwa amalume aang'ono ndi banja lawo. Msuweni wathu mumuuze kuti amuna ake akadali alamu anga, tsiku limene adzandipatse moni ndidzayankha ndi manja awiri. Mafunso mumugwire paphewa m'malo mwanga, mumuuze aimike mutu.

Mulungu akusungeni nonse pakhomopo.

Ndine mlongo wanu,
uja munamutcha Nkhutukumve